Kampavani kapena kalavani? Yankho lili pa nthawi yogoneka ana

Inali cha m'ma 7 koloko madzulo, kunja mvula ikuwaza, ndipo wamng'ono wathu anali atayamba kale kutikita m'maso. Kanali koyamba kugona m'kampavani, yobwereka ya masiku anayi. Kuti tiyale bedi tinayenera kukoka mpando wakumbuyo n'kuugoneka. Koma pampando pomwepo m'pamene tinamangirira mipando iwiri ya ana m'mawa uja, ndi thukuta lomwe. Tinaimasula. Nanga tiiika kuti, panja kuli mvula? Tinaiunjika pampando wa dalaivala, pamwamba pake chikwama cha matewera, pamwamba pa chikwamacho nsapato za banja lonse. Ana atagona, ine ndi mayi awo tinapezeka tapanikizana pampando umodzi wotsalawo, mumdima, tikunong'onezana ngati akuba. Iwo anafuna kuwiritsa madzi a tiyi, koma mbaula inali chapafupi ndi mutu wa mwana. Tiyi uja sanamwedwe.

“Bambo a ana,” anandinong'oneza, “pachithunzi paja sipanali mipando ya ana.”

Ankanena zoona. Pachithunzi chimene chinatikopa panali galimoto yokongola m'mbali mwa madzi, dzuwa likulowa, anthu awiri atanyamula makapu. Mwana wolira panalibe, matewera panalibe.

Kwa amene mawuwa ndi achilendo: kampavani ndi galimoto yooneka ngati minibasi imene mkati mwake anaikamo bedi, makabati, mbaula, kasinki ndi kafiriji. Ili ndi injini yakeyake, mumaiyendetsa masana n'kugonamo usiku. Yodziwika kwambiri ndi ya Volkswagen, imene inayamba kupangidwa mu 1950, ndipo chaka chotsatira kampani ya Westfalia ya ku Germany inayamba kuikamo zipangizo zogonera ndi kuphikira. Kalavani ilibe injini. Ndi kanyumba ka matayala kamene mumakakoka ndi galimoto yanu, mukafika kumsasa n'kukamasula, kukaimika bwinobwino pamiyendo yake ya m'makona. Iyoyi ndi yakale zedi: zoyamba zoyendera kosangalala zinkakokedwa ndi mahatchi, monga ija ya Dr William Gordon Stables wa ku Scotland, ya mu 1885.

Kusiyana konse kwagona apa: kwinaku nyumba ndi galimoto n'chinthu chimodzi, kwinaku n'zinthu ziwiri. Chokoma chilichonse ndi chowawa chilichonse chimene ndinene m'munsimu chikuchokera pamenepo.

Werengani malamba, mabedi pambuyo

Wogulitsa kampavani akakuuzani kuti “iyi mumagona anthu anayi”, inu funsani kuti nanga poyenda imanyamula angati. Si funso limodzi. Pali makampavani amene ali ndi malo ogona anayi koma malamba awiri okha, kutsogolo. Pali ena amene mipando yake yakumbuyo inayang'ana cham'mbali, ngati mabenchi. Mpando wa mwana sumangiriridwa pa benchi yoyang'ana m'mbali. Umafuna mpando woyang'ana kutsogolo, wokhala ndi lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno, kapena timakoko tiwiri tachitsulo totchedwa ISOFIX, tija timabisala pakati pa pokhalira ndi potsamira.

Apa m'pamene ndimaopera makampavani okonzedwa ndi munthu payekha. Ambiri anali magalimoto onyamula katundu, wina n'kuwaboola mawindo, kuikamo makabati ndi mpando wogonekeka. Ena anakonzedwa mwaluso ndithu. Koma mpando umene mwana wanu akhalepo uyenera kukhala woti unayesedwa pangozi, ndipo unamangidwa pa chitsulo cholimba cha pansi pa galimoto, osati kungokhomera pa thabwa. Funsani mapepala ake. Akayamba kuzungulirazungulira, tsanzikani.

Khanda limawonjezera mfundo ina. Lamulo la ku Ulaya la R129, limene linayamba mu 2013, limati mwana ayende atayang'ana kumbuyo mpaka atakwana miyezi 15. Mpando woyang'ana kumbuyo suikidwa kutsogolo kumene kuli airbag yoyaka, chibaluni chija chimafufuma pangozi, chifukwa chimamenya mpandowo ndi mphamvu yoopsa. Ndiye khanda likhala kumbuyo. Ndipo kumbuyo kwa makampavani ambiri n'kutali: pakati pa dalaivala ndi mpando wa ana pali mpata wa pokhalira ndi pophikira. Botolo la mkaka likagwa, simungangotambasula dzanja. Muima basi.

Chinanso, mpando wakumbuyo wa kampavani yokhala ndi khitchini m'mbali nthawi zambiri umakhala wa anthu awiri. Ana awiri akwana. Wachitatu akabadwa, nkhani yasintha, ndipo ana sabwera potsatira mapulani a galimoto.

Kalavani ilibe vuto limeneli ngakhale pang'ono. Ana amayenda m'galimoto yawo ya masiku onse, m'mipando yawo imene simuimasulanso mpaka kubwerera kunyumba. M'kalavani ikamakokedwa simukwera munthu. Malamulo a mayiko ambiri amaletsa, ndipo ngakhale akanapanda kuletsa, makoma ake ndi opyapyala, si oteteza munthu pangozi.

Choncho mukamapita kukaona kampavani, nyamulani mipando ya ana anu yeniyeniyo. Imangirireni pamaso pa wogulitsa. Kenako imasuleni, yalani bedi, muone kumene mipandoyo ithere.

Madzulo

Mwana wamng'ono amagona msanga, makolo ake akadali ndi maola atatu kapena anayi a moyo. Funso lalikulu la banja la ana ang'onoang'ono n'lakuti maola amenewo muwathera kuti.

Ndinaona yankho la kalavani kwa mlamu wanga, miyezi ingapo chichitikire za mvula zija. Yawo ndi yakale, koma kumapeto kwake kuli timabedi tiwiri tosanjikiza, tosachotsedwa, ndi kachitseko kokoka. Nthawi itakwana anagoneka ana, anakoka kachitseko, ife akuluakulu n'kukhala kutsogolo patebulo, nyale ikuyaka, tikucheza motsitsa mawu. Ndinayang'ana uku ndi uku, nsanje itandigwira.

“Alamu, ndiye kuti simuyala chilichonse?”

“Za ana ayi. Zimangokhala choncho chaka chonse. Ife tokha ndi amene timagwetsa tebulo.”

Zimenezi zimatheka chifukwa cha kukula. Kalavani ya banja imakhala yotalika mamita 5 kapena 6 mkati, mulifupi kupitirira mamita awiri, ndipo malo onsewo ndi okhalamo. Mulibe injini, mulibe chiwongolero. Kampavani yaing'ono, ya msinkhu wa Volkswagen Transporter, ndi yotalika pafupifupi mamita 4.9 kuchokera kumphuno mpaka kumbuyo, ndipo gawo ndithu la mamita amenewo ladyedwa ndi injini ndi mipando yakutsogolo.

Okonda kampavani anena kuti nanga denga lotukula lija? Zoona, ndi nzeru yabwino: denga limakwera, mbali zake za nsalu ya tenti zimatambasuka, pamwamba pamatuluka bedi la mulifupi pafupifupi mita 1.2. Ana a zaka 7 kapena 9 amalikonda koopsa, amaliona ngati kanyumba kawo ka mumtengo. Koma langizo lodziwika la mabedi osanjikiza n'lakuti mwana wosakwana zaka 6 asagone pamwamba, ndipo bedi la padengali lili ndi chibowo chokwererapo chimene mwana wogubuduzika angagweremo ngati palibe ukonde. Ndiye mumagona motani? Makolo pamwamba, ana pansi okhaokha pafupi ndi chitseko ndi mbaula? Kapena kholo limodzi ndi mwana mmodzi pamwamba, enanso pansi? Ife tinasankha yachiwiriyi. Ulendo wa banja unasanduka masiku anayi ogona kosiyana. Komanso nsalu ndi nsalu: imalowetsa kuwala kwa m'bandakucha, phokoso la anansi ndi kuzizira. Mwana akadzuka 5 koloko, msasa wonse udziwa.

Pali njira yopulumukira. Mumagula chitenti cholumikiza kukhomo la kampavani, choti mukafuna kuchoka mumangochimasula n'kuchisiya chili chiimire. Mipando ya ana, kanjinga, nsapato zamatope, zonse zimapita mmenemo, makolonso amapeza pokhala madzulo. Chimathandiza kwambiri. Kungoti mukafika pokhoma zikhomo mvula ikukunyowetsani, muzidzifunsa kuti kodi paja munagula galimoto yodula chonchi pothawa chiyani.

Za chimbudzi ndingonena mwachidule. Makalavani ambiri a banja ali ndi kachipinda ka chimbudzi, ena ndi bafa lomwe. Makampavani ang'onoang'ono ambiri alibe, kapena ali ndi kachimbudzi konyamula kobisala m'kabati. Amene ali ndi mwana wongosiya kumene matewera akudziwa tanthauzo la “ndikufuna kukodza” pa 2 koloko usiku, chimbudzi cha pamsasa chili kutsidya kwa bwalo lonyowa.

Kumene kampavani imapambana

Ndisaipondereze, chifukwa masana kampavani ndi mfumu. Mwana akalira panjira, mumapatuka pamalo abwino, mumatsegula chitseko, n'kupeza zonse zili pomwepo: madzi, firiji, posinthira thewera, pogona. Mukapita kokacheza tsiku limodzi lokha, mwapita ndi nyumba yomwe. Mvula ikagwa mumalowa, mwana akatopa amagona. Imakwana pamalo oimika galimoto wamba, ndipo yaing'onoyo, denga likatsitsidwa, imaperewera pang'ono mamita awiri, moti imalowa m'malo ambiri oimikapo a denga lotsika. Misewu yopapatiza, yokhotakhota, ya m'mapiri, siiopa.

Chachikulu koposa n'chakuti kunyamuka n'kosavuta. Zofunda, mapoto ndi tochi zimakhala momwemo. Lachisanu mukaweruka mumangoponyamo zovala ndi chakudya, ana m'mipando, ulendo. Kalavani imafuna mwambo: kukaitenga kumene imasungidwa, kuikoleka, kuyesa magetsi akumbuyo, kumanga magalasi owonjezera oonera kumbuyo, kuona mpweya wa matayala. Mukafika, mwambo wina: kuilowetsa chambuyo pamalo ake, kuilinganiza kuti isapendekeke, kutsitsa miyendo, kutunga madzi, kulumikiza magetsi. Wozolowera zimamutengera mwina theka la ola. Wosazolowera, amene ana ake akhala m'galimoto maola anayi ndipo akufuula, amaona ngati tsiku lathunthu. N'chifukwa chake makalavani ambiri amatuluka kawiri kapena katatu pachaka, pamene kampavani imatha kutuluka ngakhale usiku umodzi wokha.

Koma ubwino womwewo umatembenuka mukakhazikika pamalo amodzi. Tsiku lachiwiri la ulendo wathu uja mkaka wa mwana unatha. Kuti tikagule, tinayenera kupinda zofunda, kutsitsa denga, kubweza bedi likhale mpando, kumangiriranso mipando ya ana, kutseka gasi, kuzula chingwe cha magetsi, kulongedza kapu iliyonse kuti isagwe pokhota. Zonsezo chifukwa cha mkaka. Mlamu wanga zikamuchitikira amangotenga makiyi, kalavani n'kutsala ili phee, ana akusewera pakhomo ndi mayi awo.

Ndiye dzifunseni moona mtima kuti ndinu banja loyendayenda kapena lokhazikika. Ambirife timadziona ngati oyendayenda, lero pano mawa uko, chifukwa ndi mmene tinkayendera tisanabereke. Koma ana ang'onoang'ono sakonda msewu. Amakonda kupeza mchenga womwe uja wa dzulo, anzawo omwe aja a pamsasa, bedi lomwe lija. Mwana wa zaka zitatu amasandutsa woyendayenda kukhala wokhazikika, afune asafune.

Walira mvula walira matope: za kukoka

Amene wakopeka ndi kalavani adziwe kuti walandiranso ntchito yokoka, ndipo ntchitoyi ili ndi masamu ake. Osawalumpha.

Yambani ndi galimoto imene muli nayo. M'buku lake, kapena pakachitsulo kolembedwa kamene kamakhala pafelemu ya chitseko kapena ku injini, muli malire a kulemera kumene ingakoke. Malire amenewo sapyoledwa. Kuwonjezera apo, mabungwe a eni makalavani ku Britain amalangiza ongoyamba kumene kuti kalavani yodzaza katundu isapitirire 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yopanda katundu. Si lamulo la boma, ndi langizo chabe, koma ndi lanzeru. Galimoto yanu ikakhala ya makilogalamu 1,600, muyang'ane kalavani yosapitirira makilogalamu 1,360 itadzaza. Makalavani ambiri a banja, okhala ndi timabedi tosanjikiza tija, amalemera chapomwepo kapena kupitirira. Apa m'pamene ena amazindikira kuti kalavani yotchipa ija ikufuna kuti agulenso galimoto yaikulu.

Kenako pali kulemera kumene kalavani imatsamiza pa kampira kachitsulo kokokera. Kawirikawiri amati kukhale pakati pa 5 ndi 7 peresenti ya kulemera kwa kalavani yodzaza, koma kusapitirire malire a galimoto yanu, amene pa magalimoto ambiri a banja ali pakati pa makilogalamu 75 ndi 100. Kutsogolo kukapepuka kwambiri, chifukwa choti mwaunjika katundu kumbuyo kwa kalavani, imayamba kugwedeza mchira, makamaka potsetsereka kapena chilole chikakudutsani. Zikatero musaponde mabuleki mwamphamvu, musalimbanenso ndi chiwongolero. Chigwireni chowongoka, chotsani phazi pa mafuta pang'onopang'ono mpaka ikhazikike. Katundu wolemera malo ake ndi pansi, pamwamba pa matayala.

Ndipo katundu amene kalavani imaloledwa kunyamula ndi wochepa modabwitsa. Si zachilendo kupeza ya banja lonse yololedwa makilogalamu 150 okha kapena kupitirira pang'ono. Batire, mabotolo a gasi, chitenti cha pakhonde, zofunda, mapoto, njinga za ana: mwadzaza kale musanaike zovala. Madzi musayende nawo ambiri, lita imodzi ndi kilogalamu imodzi. Kampavani nayo ili ndi malire ake, ndipo kumeneko anthu okwera amawerengeredwa pa katundu yemweyo. Kupita nayo pa sikelo ya magalimoto kamodzi, itadzaza monga ya paulendo, kumachotsa zongoganizira.

Layisensi imasiyana dziko ndi dziko, ndiye fufuzani ya kumene muli musanapereke ndalama. Ku South Africa, layisensi wamba ya Code B imalola ngolo yosapitirira makilogalamu 750, ndipo kalavani ya banja imafuna layisensi ina yotchedwa EB. M'mayiko a European Union, B wamba imalola kukoka ngolo yolemererapo ngati galimoto ndi ngoloyo pamodzi sizipitirira makilogalamu 3,500. Ku England, Scotland ndi Wales anachotsa mayeso apadera a kukoka mu December 2021. Liwiro nalonso limatsika: ku Britain wokoka kalavani sapitirira mamailosi 60 pa ola pamsewu waukulu, ku Germany ndi makilomita 80 pa ola pokhapokha atakhala ndi chilolezo cha 100. Ulendo umatalika, ndipo ana amauwerenga ndi misozi. Kampavani yosapitirira makilogalamu 3,500 imayendetsedwa ndi layisensi wamba m'mayiko ambiri, ndipo aliyense wa makolo awiri angathe kuigwira tsiku loyamba lomwe. Mfundo imeneyi si yaing'ono. Ngati m'banja muli mmodzi yekha wolimba mtima kukoka, tsiku limene iye wadwala kumsasa mubwerako bwanji?

Thumba

Kampavani ndi injini yachiwiri pakhomo. Ili ndi inshulansi yake, msonkho wake wa pamsewu, sevisi yake, matayala ake, ndi matenda onse a galimoto. Pogula ndi yodula kwambiri kuposa kalavani ya zaka zofanana, ngakhale kuti mitundu yotchuka siigwa mtengo msanga. Masamu ake amayenda bwino pokhapokha ikalowa m'malo mwa galimoto ya banja, n'kumaperekeza ana kusukulu Lolemba, kukagona kutchire Loweruka. Mabanja ambiri amene amasangalala nayo amachita zimenezi. Koma ikadwala n'kukagona kugalaja, mwataya galimoto ndi tchuthi nthawi imodzi.

Kalavani ilibe injini yoti ife, ndipo yakale yabwino imapezeka pamtengo woti banja longoyamba lingaufikire. Ndalama zake zimabisala kwina: chitsulo chokokera ndi mawaya ake, sevisi ya chaka ndi chaka ya mabuleki ndi gasi, mafuta amene galimoto imamwa mowirikiza ikamakoka chinyumba chotchinga mphepo, ndi malipiro okwera pa zombo ndi pamisewu ina yolipira chifukwa cha kutalika. Wa galimoto ya magetsi ayembekezere kuti mtunda umene batire imamufikitsa utsika mwina ndi theka. Ndiye pali funso loti muisunga kuti. Pamodzi ndi chitsulo chake chakutsogolo imatha kufika mamita 7. Ngati pakhomo palibe malo otero, mudzalipira kosungira mwezi ndi mwezi, ngakhale miyezi imene simunaigwire n'komwe.

Mukamagula yakale

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mdani wamkulu wa kalavani ndi chinyontho. Madzi amalowera m'malumikizidwe a denga, m'mbali mwa mawindo ndi m'makona, n'kumaoletsa matabwa a mkati mwa khoma mwakachetechete, kunja kukuwala bwinobwino. Ine ndinatsala pang'ono kugwa m'mbuna imeneyi. Yoyamba imene ndinakaona inali yoyera ngati yatsopano, makatani ochapa, mkati mukununkhira mafuta onunkhiritsa m'nyumba. Mlamu wanga sanayang'ane makatani. Anagwada, anatsegula kabati ya pansi pa mpando wa pakona, analowetsamo mutu n'kununkhiza. Kenako anadina khoma ndi chala pansi pa windo. Linalowa ngati siponji.

“Tiyeni tizipita, alamu,” anatero akudzikuntha maondo.

Pali kachipangizo koyezera chinyontho, kotchipa poyerekeza ndi zimene kamapulumutsa. Kakawerenga 15 peresenti kapena kutsika, zili bwino. Kakapitirira 20, pakufunika kufufuza. Kakayandikira 30, khomalo ladwala kale. Nkhungu ya m'khoma si yoti mwana azipuma usiku wonse m'kachipinda kotseka.

Onaninso matayala. A kalavani satha ndi msewu, amakalamba ali chiimire, mapanga ake akuoneka atsopano. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019. Langizo lofala n'lakuti asinthidwe akakwana zaka 5, ndipo asapitirire 7. Mapepala a umwini nawo aonedwe bwino, makalavani amabedwa.

Pa kampavani yakale mukuyeza zinthu ziwiri, galimoto ndi nyumba. Dzimbiri pansi ndi m'mbali mwa matayala, mbiri ya sevisi, mtunda umene yayenda, kenako amene anaikonza mkati, mmene anayendetsera mapaipi a gasi ndi mawaya, ndi nsalu ya denga ngati siikudontha.

Pa zonse ziwiri, musagonemo ndi ana popanda kachipangizo kochenjeza za mpweya wa carbon monoxide. Mpweyawu suoneka, sununkha, ndipo m'kachipinda kakang'ono umadzaza msanga. Mbaula yophikira si yootha, mbaula ya makala isalowe mkati kapena m'chitenti ngakhale ikuoneka kuti yazima, ndipo timabowo tolowetsa mpweya musatitseke ngakhale kuzizire bwanji.

Zapakatikati

Sikuti njira ndi ziwiri zokhazi. Pali makampavani akuluakulu, omangidwa pa magalimoto monga Fiat Ducato, otalika mamita 5.4, 6 kapena 6.4. Mumaimirira mkati osatukula denga, muli chimbudzi, ndipo ena ali ndi mabedi osanjikiza kumbuyo. Amathetsa vuto la madzulo, koma ndi aatali moti m'malo oimikapo a denga lotsika salowa, ndipo kupita nawo kuntchito tsiku ndi tsiku n'chintchito. Vuto la mkaka lija likadalipo.

Pali ngolo zopinda, zimene poyenda zimakhala zazifupi ngati bokosi, mukafika n'kuzitambasula kukhala nyumba ya nsalu yokhala ndi mabedi okwera. N'zopepuka, galimoto yaing'ono imazikoka, kumbuyo mumaona bwino, ndipo zina zimalowa m'galaja ya pakhomo. Chowawa chake n'kupinda nsalu yonyowa tsiku lobwerera, n'kukaitambasulanso kunyumba kuti iume isanachite nkhungu.

Ndipo pali tenti yaikulu ya banja ndi galimoto imene muli nayo kale. Musaiderere. Banja limene silinagonepo kumsasa liyambe ndi imeneyi, kapena libwereke kampavani kwa masiku ochepa, lione ngati moyo umenewu likuukondadi. Masiku anayi athu a mvula aja anatidula pang'ono, koma anatiletsa kugula chinthu chimene sichikanatiyanja. Mukabwereka, musasankhe sabata ya nyengo yokoma yokhayokha. Dzuwa likamawala chilichonse chimakoma.

Ine ndaima pati

Ngati ana anu sanakwane zaka 6, mumakonda kukhala pamalo amodzi masiku atatu kapena kuposa, galimoto yanu ikukwanitsa masamu aja, ndipo muli ndi poisunga, tengani kalavani ya timabedi tosachotsedwa, kungoti wosakwana zaka 6 asagone pa kam'mwamba. Ngati muli ndi mwana mmodzi, kapena awiri okulirapo oti angagone padenga, mumakonda maulendo afupiafupi a usiku umodzi kapena uwiri, mulibe malo osungira chinthu cha mamita 7, ndipo kampavaniyo idzakhalanso galimoto ya masiku onse, musaope kampavani. Ana atatu kapena kuposa, ine sindingavutike n'kuganiza: kalavani.

Ife tinagula kalavani yakale, youma makoma, yachitatu pa zimene tinakaona. Mantha anga onse anali pa kubwerera chambuyo, ndipo sanali mantha achabe. Ulendo woyamba ndinalimbana nayo pamaso pa msasa wonse, ndikati ipite kumanzere iyo kumanja, mpaka inapindika n'kutsala pang'ono kupsompsona galimoto. Bambo wina wachikulire wa kalavani yoyandikana nafe anabwera pawindo mwaulemu.

“Achimwene, gwirani chiwongolero cham'munsi. Kumene mukufuna kuti kumbuyo kwa kalavani kupite, dzanja lipite komweko. Pang'onopang'ono.”

Ndinayesa, zinayamba kumveka, koma thukuta linali litandithera nzeru. Mayi a ana anati nditsike ayeseko. Anagwira cham'munsi muja, anabwerera kamodzi, anawongola, anabwereranso, kalavani n'kukhala pamalo pake ngati anachita kuiika ndi manja. Kuyambira tsiku limenelo pamsewu ndimayendetsa ndine, tikafika pachipata cha msasa timasinthana. Ine ntchito yanga ndi kuima kumbuyo, wamng'ono ali m'manja, wamkulu atandigwira thalauza, n'kumakuwa kuti “bwerani, bwerani, basi!”

Kampavani sindinaiiwale. Wamng'onoyu akadzakwana zaka 6 ndidzapitanso kukaiona, matepi oyezera ali m'thumba.